Kodi m'bindikiro umaimitsa lendi? Zomwe zidaoneka ku Joni mu 2020

Usiku wa pa 26 Malichi 2020, dziko la South Africa lidalowa m'bindikiro. Pulezidenti Cyril Ramaphosa adali atalengeza pa 23 Malichi kuti aliyense akhale pakhomo masiku 21 pofuna kuchepetsa kufala kwa Covid-19, ndipo asilikali adamwazidwa m'misewu. Malesitilanti, masaluni, mabala ndi masitolo a zovala zonse zidatsekedwa. Patangotha masiku asanu, tsiku la lendi lidakwana.

M'mawa wa pa 1 Epulo ndidalandira uthenga wa mawu pa WhatsApp kuchokera kwa msuweni wanga amene ankatsuka mbale mu lesitilanti ina ku Johannesburg. Ankayankhula motsitsa mawu, chifukwa kachipinda kake kadali kuseri kwa nyumba ya alandilodi, khoma limodzi. "Achimwene, pagulu lathu akuti boma laletsa kulipira lendi mpaka matendawa athe. Nzoona kodi? Ndili ndi R1,500 yokha, ndipereke kapena ndigule ufa?"

Sizidali zoona. Koma mphekeserayo sidangotuluka m'mutu mwa munthu. Idachokera pa lamulo lenileni limene anthu adalimva theka, ndipo theka limene adaliphonyalo ndi lomwe lidawasiya ndi ngongole. Ndikufuna tilione bwino, chifukwa miliri ndi ngozi sizidathe, ndipo abale athu ambiri ku Joni amagona m'nyumba za eni.

Pali zinthu zitatu zosiyana zimene boma kapena khoti lingachite pa lendi nthawi ya mavuto. Likhoza kufafaniza lendiyo, kuti ya mwezi wakutiwakuti isadzaperekedwenso. Likhoza kuichedwetsa, kuti usapereke lero koma udzabweze mtsogolo. Kapena likhoza kuisiya lendi momwe ilili n'kungoletsa kuti munthu asatulutsidwe m'nyumba. Boma la South Africa lidasankha chachitatuchi. Malamulo a m'bindikiro, amene adapangidwa pansi pa Disaster Management Act ya 2002, adaimitsa kusamutsa anthu mokakamiza, koma palibe mzere ndi umodzi womwe umene udati tenanti asalipire. Mwezi uliwonse umene munthu sadapereke, ngongole inkangosanjikizana, ikumudikira.

Chifukwa chiyani kutha kwa ntchito sikukuchotsera lendi

Apa ndi pamene anthu ambiri amakwiya, ndipo ndimawamvetsa. Boma ndi limene latseka lesitilanti. Boma ndi limene lati usatuluke kukasaka ganyu. Nanga bwanji lamulo likuti ulipirebe ngati kuti palibe chachitika?

Yankho lili m'mene lamulo limaonera mgwirizano wa lendi. Mwini nyumba amalonjeza chinthu chimodzi, kukupatsa malo oti uwagwiritse ntchito. Iwe umalonjeza ndalama. Malamulo a ku South Africa pankhaniyi adachokera ku malamulo akale a Aroma ndi Adatchi, ndipo amavomereza kuti ngati chinthu choposa mphamvu za anthu awiriwa, monga nkhondo, chigumula kapena lamulo la boma, chakulepheretsa kugwiritsa ntchito malowo, uli ndi ufulu wochotseredwa lendi, yonse kapena gawo lake. Maloya amachitchula chinthu choterechi m'Chilatini kuti vis major. Funso limene khoti limafunsa ndi lakuti, kodi walandidwa malowo? Silifunsa ngati walandidwa malipiro.

Ndiye taganizirani za munthu wa m'kachipinda kuja. M'bindikiro sudamulande chipindacho. Udachita kumutsekeramo. Kale ankangobwera kudzagona, tsopano ankaswera momwemo, kuphika momwemo, kuchapa momwemo, usana ndi usiku. Pamaso pa lamulo, alandilodi adakwaniritsa mbali yawo yonse. Kusowa ndalama, ngakhale kutabwera popanda kulakwa kwako, makhoti sakutenga ngati kulephereka kwa mgwirizano. Amati ndi vuto la m'thumba mwako, lomvetsa chisoni ndithu, koma silisamukira kwa mwini nyumba.

Kwa wochita lendi ya shopu nkhani idali ina. Mayi wa saluni amene boma lidamuletsa kutsekula chitseko kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka mu Juni adalandidwadi malowo. Ankalipira kuti azilukiramo anthu tsitsi, ndipo kuluka tsitsiko ndi kumene kudaletsedwa. Iyeyu adali ndi poyambira. Chimodzimodzi wa bala, pamiyezi imene kugulitsa mowa kudaletsedwa.

Mfundoyi ndi yakale ku Joni. Mu 1903, nkhondo ya Mabunu ndi Angerezi itangotha, khoti la ku Transvaal lidagamula mlandu wa Hansen, Schrader & Co ndi Kopelowitz, umene maloya adaufukulanso mu 2020. Chimene chidatuluka mu mlanduwo n'chakuti tenanti amachotseredwa lendi pokhapokha ngati tsokalo lamulepheretsa mwachindunji kugwiritsa ntchito malowo. Kungoti makasitomala achepa chifukwa anthu athawa nkhondo sikokwanira. Patapita zaka zoposa 100, malire ake adakhala omwewo. Masabata amene boma lidakhoma chitseko chako, ukhoza kupempha kuchotseredwa. Miyezi imene lidakulola kutsekula koma anthu sankabwera poopa matenda kapena posowa ndalama, lendi ndi yako yonse. Kwa ambiri miyezi yachiwiriyi ndi imene idapha bizinesi.

Palinso misampha iwiri. Woyamba uli m'pepala limene udasaina. Mapangano ambiri a mashopu, makamaka m'nyumba zikuluzikulu za malonda, amakhala ndi mawu akuti lendi iziperekedwa mwezi usanayambe, popanda kuchotsapo kanthu pa chifukwa chilichonse. Malamulo amalola anthu awiri kugwirizana zimenezi, ndiye wina akhoza kupeza kuti ufulu uja adautaya yekha tsiku limene ankalandira makiyi akusekerera. Msampha wachiwiri ndi wodziweruzira. Ngati sizikudziwika bwino kuti uyenera kuchotseredwa zingati, kungodula wekha ndalama n'kupereka zotsala kungakuike m'gulu la ophwanya pangano, ndipo mwini malo amapeza chifukwa chothetsera mgwirizano.

Masitolo ena akuluakulu a zovala ku South Africa adalengeza poyera kuti lendi ya Epulo sapereka, ndipo eni nyumba zamalonda adakhala nawo pansi n'kugwirizana zochotserana. Iwo adatha kutero chifukwa ali ndi maloya, komanso mwini msika sangafune kutaya sitolo imene imakoka anthu. Telala wa ku Mangochi amene amasokera m'kakona ka shopu ya wina ku Mayfair adalibe mphamvu zotero. Nthawi zambiri dzina lake silidali n'komwe pa pepala la lendi.

Chimene lamulo lidatetezadi

Tsopano tibwerere ku theka loona la mphekesera ija. Ngakhale kusadabwere Covid-19, ku South Africa mwini nyumba saloledwa kutulutsa munthu yekha. Gawo 26 la malamulo aakulu a dzikolo limati palibe amene angachotsedwe pamalo pamene amakhala popanda chigamulo cha khoti, khotilo litaunika mbali zonse. Lamulo la 1998 limene anthu amangolitchula kuti PIE limafotokoza njira yake: munthu adziwitsidwe, apatsidwe tsiku lokaonekera kukhoti, ndipo woweruza aone ngati kumutulutsa kuli kwachilungamo, poganizira ana, okalamba, olumala ndi mabanja oyendetsedwa ndi amayi. Wotulutsa katundu panja ndi sherifu wa khoti, osati alandilodi ndi anyamata awo. Mawu a malamulowo amanena za munthu aliyense, sanena za nzika zokha. Mmalawi wa ku Diepsloot ali momwemo.

M'bindikiro udangowonjezera mpanda pamwamba pa umenewu. Pa masabata oyamba, kusamutsa anthu kudaletsedwa kotheratu. Kuyambira pa 1 Meyi, dziko litatsikira pa gawo lachinayi la m'bindikiro, makhoti ankatha kugamula kuti munthu atuluke koma chigamulocho chinkadikira kaye. Pamene zinthu zinkamasuka, oweruza adapatsidwa mpata wololeza kusamutsa ngati aona kuti kudikira sikuli kwachilungamo. Mu Ogasiti 2020 malamulo adawonjezera mfundo zina zothandiza: kudula madzi kapena magetsi osamupatsa tenanti mpata wokambirana, kapena kumulipiritsa chindapusa pochedwa kupereka lendi chifukwa cha mliriwo, zinkatengedwa ngati khalidwe losayenera limene munthu angakadandaule.

Kokadandaula kulipo. Rental Housing Act ya 1999 idakhazikitsa m'chigawo chilichonse bwalo lotchedwa Rental Housing Tribunal, limene limamva milandu ya alandilodi ndi matenanti kwaulere, osafuna loya, ndipo chigamulo chake chili ndi mphamvu ngati cha khoti la majisitileti. Mgwirizano wa pakamwa nawonso ndi mgwirizano. Kusintha loko, kuzula chitseko, kulanda katundu wa munthu popanda chilolezo cha khoti, zonsezi n'zoletsedwa ngakhale tenantiyo ali ndi ngongole ya miyezi isanu.

Papepala zimenezi n'zokoma. Pansi zidali zina. Munthu amene chitupa chake chidatha masiku, kapena adalowa modumpha, sapita kupolisi kukanena kuti alandilodi asintha loko. Amaopa kuti akapita ndi dandaulo la chitseko akabwerako ali pa galimoto ya ku Lindela, kumalo kosungira anthu oyembekezera kubwezedwa kwawo. Alandilodi ena ankadziwa bwino mantha amenewa ndipo sankafunika khoti. Ankangozimitsa magetsi a kuseri mwezi wa Juni, nthawi imene ku Gauteng madzi amaundana m'ndowa, munthu n'kunyamuka yekha. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene dongosolo la South Africa lidaperewera kwambiri. Lidaletsa kutulutsa anthu kudzera kukhoti, pomwe osauka enieni ambiri satulutsidwa kudzera kukhoti n'komwe.

Thandizo la ndalama nalonso lidawalambalala. Boma lidayambitsa R350 pamwezi kwa osowa ntchito, koma poyamba linkapereka kwa nzika, okhala mokhazikika ndi othawa kwawo ovomerezeka okha. Mu Juni 2020 bungwe la Scalabrini la ku Cape Town lidapambana kukhoti kuti ofunsira malo othawirako ndi okhala ndi zitupa zapadera alandire nawo. Zitupa zapaderazo zidali za anthu a ku Zimbabwe, Lesotho ndi Angola. Amalawi alibe zotere. Ndalama za UIF, thumba la boma la inshuwalansi ya antchito, zothandiza antchito amene makampani awo adatsekedwa zinkafika kwa amene adalembetsedwa, ndipo wogwira m'munda wa maluwa wa bwana kawiri pa sabata, kapena wotsuka mbale wolipidwa pamanja, sadalembetsedwe paliponse. N'chifukwa chake kumapeto kwa Meyi mabasi adayamba kulowa pa Mwanza atadzaza abale athu, ena mwa iwo n'kukasungidwa pa Kamuzu Stadium ku Blantyre, pomwe mazana adathawa asanalandire zotsatira za kuyezedwa kwawo. Anthu adawadzudzula kwambiri pa kuthawako. Ochepa adafunsa chimene chidawachotsa ku Joni, pomwe kwa ambiri chidali njala ndi lendi.

Nawo alandilodi si onse olemera

Ndisabise mbali inayo. Tikamati landilodi timaganiza za bwana wa nyumba zosanja ku Sandton. Koma amene amasunga Amalawi ambiri ndi agogo a ku Soweto, Tembisa kapena Alexandra amene adamanga tizipinda titatu kapena tinayi kuseri, ndipo ndalama ya tizipindato pamodzi ndi penshoni ya boma ndi imene imadyetsa zidzukulu. Matenanti onse akasiya kulipira mwezi umodzi, m'nyumba yaikulu namonso mphika sukhala pamoto. Ena adamanga ndi ngongole. Mabanki adapereka mpumulo wa miyezi itatu kwa obweza ngongole za nyumba, koma chiwongoladzanja chinkawerengedwabe, ndipo bilu ya madzi ndi magetsi ya khonsolo sidaime.

Ichi ndi chifukwa chake maboma ambiri adaopa kufafaniza lendi. Ukaifafaniza osaikapo ndalama ya boma, sudathetse vutolo, wangolichotsa pamutu pa wosauka mmodzi n'kulisenzetsa wosauka mnzake. Njira yachilungamo ikadakhala yakuti amene watseka ntchito za anthu, ndiye boma, asenze gawo la lendiyo. Mayiko olemera adayesako polipira malipiro a antchito okhala pakhomo. Mayiko athu adalibe thumba lotero, kapena sadaliike patsogolo.

Zimbabwe idayesa njira yachiwiri ija. Kumapeto kwa Epulo 2020 boma la Pulezidenti Emmerson Mnangagwa lidatulutsa Statutory Instrument 96, lolola matenanti a nyumba zogona kuchedwetsa lendi pa nthawi ya m'bindikiro n'kudzaibweza pang'onopang'ono m'miyezi yotsatira. Onani kuti ngakhale kumeneko lendi sidafafanizidwe, ndipo dongosololo lidangokhala miyezi yochepa. Ku England, komwe kulinso abale athu ambiri, milandu yotulutsa anthu m'nyumba idaimitsidwa kuyambira pa 27 Malichi mpaka mu Seputembala 2020, ndipo nthawi yochenjeza tenanti idatalikitsidwa kufika miyezi itatu, kenako isanu ndi umodzi. Boma lidanena mosabisa kuti lendi iziperekedwabe. Makampani a makanema ndi masitolo amene adapita kukhoti kunena kuti sangalipire malo otsekedwa adagonja, chifukwa malamulo a Angerezi ndi ouma pankhaniyi kuposa a ku Joni.

Mfundo yomalizayi ikutikhudza kumudzi kuno, popeza malamulo athu a mapangano adachokera ku England. Kuno m'bindikiro wa masiku 21, umene udayenera kuyamba pa 18 Epulo 2020, sudachitike. Mavenda adachita zionetsero ku Limbe ndi ku Mzuzu, ndipo pa 17 Epulo Jaji Kenyatta Nyirenda adapereka chiletso bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC litadandaula kuti boma silidakonze momwe osauka adzadyere. Pambuyo pake boma lidalengeza K35,000 pamwezi kwa mabanja ena a m'mizinda. Dandaulo lija kwenikweni ndi funso lomwe lija la msuweni wanga: ukanditsekera m'nyumba ya eni ku Ndirande kapena ku Mtandire, pa 30 ndidzawauza chiyani eni akewo? Ngakhale m'bindikiro udalephereka, aphunzitsi a sukulu zomwe si zaboma, amene adakhala miyezi sukulu zili zotseka, ndi antchito a m'mahotela a kunyanja adakumana nalo funsoli maso ndi maso.

Chimene chidapulumutsa anthu

Poti lamulo silidachotse lendi, chimene chidagwira ntchito ndi kukambirana, ndipo kukambirana kuli ndi luso lake. Amene adapita kwa alandilodi tsiku lisadakwane, n'kufotokoza kuti ntchito yaima, kuonetsa uthenga wa abwana, n'kupereka kangachepe kamene adali nako, ambiri adamvedwa. Amene adangokhala chete n'kumazemba pa geti adataya chikhulupiriro, chimene chidali chuma chawo chokha. Mwini nyumba amadziwanso kuti pakati pa mliri chipinda chikakhala chopanda munthu sapeza wina msanga, ndiye theka la lendi kuchokera kwa munthu womudziwa limaposa chitseko chokhoma.

Koma pogwirizanapo mawu ayenera kumveka. "Musadandaule, tidzaona" si mgwirizano. Anthu ambiri adamva mawu amenewa n'kuganiza kuti akhululukidwa, kenako mu Okutobala alandilodi adatulutsa kope lolembamo miyezi yonse. Funsani mwachindunji: ndalama yotsalayi mwandichotsera, kapena ndidzabweze? Ngati ndi yobweza, ndiyambe liti, zingati pamwezi? Zikatero zilembedwe, ngakhale pa WhatsApp pokha, ndipo winayo ayankhe kuti wavomera. Ndalama iliyonse yoperekedwa pamanja ikhale ndi lisiti, kapena uthenga wotsimikiza kuti yalandiridwa.

Dipoziti nayo imasokoneza anthu. Tenanti sangangonena yekha kuti mwezi uno dyani dipoziti ija, chifukwa ntchito yake ndi kukonza zowonongeka ndi kulipira zotsalira munthu akamatuluka. Koma awiriwo akagwirizana, ikhoza kulowa m'malo mwa lendi ya mwezi wovuta, n'kudzaibwezeretsa zinthu zikayamba kuyenda. Ambiri adapuma mwezi umodzi mwa njira imeneyi. Chimene sindingalangize aliyense ndi kukatenga katapila kuti alipire lendi. Ngongole ya kwa alandilodi siberekana sabata iliyonse, ndipo amene uli naye ngongoleyo umamudziwa, umatha kukhala naye pansi.

Msuweni wanga adachita zimenezi. Madzulo a tsiku lomwelo adagogoda pa khomo la kukhitchini, atavala kansalu kukamwa, n'kuima patali. Alandilodi ake, amene adali agogo, adatuluka ndi kope lawo la chikuto chofiira. Iye adawapatsa R700, yotsalayo adagula ufa, mafuta ophikira ndi kabichi. Adagwirizana kuti mpaka lesitilanti itatsekulidwa azipereka theka, theka linalo lilembedwe, ndipo iye azisesa pabwalo ndi kukonza mpope umene unkadontha. Agogowo adafafaniza okha mwezi wa Meyi, atamuona akudya phala lopanda shuga masiku atatu otsatizana. Miyezi inayo idakhala m'kope. Malesitilanti ataloledwa kulandiranso anthu odyera pomwepo kumapeto kwa Juni, adabwerera kuntchito masiku atatu pa sabata, ndipo ankawonjezera R200 pa lendi ya mwezi uliwonse. Kumudzi sadatumize kalikonse chaka chimenecho, feteleza wa amayi ake tidasonkha ife. Mzere womaliza m'kope lija adaukhwatcha mu 2021, nyengo yozizira itayambanso.